Pogona pa Kamba wa ku Utale

Kamba ameneyu ndinamutola pa msewu wafumbi wochokera ku Utale, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditapita kukaona mayi anga, ndipo pobwerera ku Balaka ndinapeza tchire la m'mbali mwa msewu likufuka. Osaka mbewa anali atayatsa moto m'mawa, iwo n'kumapita. Pakati pa msewu panali chinthu chonga mwala, koma mwalawo unkayenda. Ndinaimitsa njinga yamoto. Chigoba cha kambayo chinali chitawauka mbali imodzi, chakuda ngati kunsi kwa poto, ndipo mwendo wakumbuyo unali ndi bala lofiira. Nditamunyamula anapuma mwaukali, fuu, n'kubweza mutu m'kati.

Sindinaganize zambiri. Ndinamuika m'thumba momwe munali nandolo amene mayi anandipatsa, n'kumangirira pakaliyala.

Kunyumba akazi anga anamasula thumba lija ali pakhonde. Anasuzumiramo, n'kundiyang'ana, n'kusuzumiramonso.

"Mayi atitumizira ndiwo zachilendo chaka chino?"

"Si ndiwo. Wapsa ndi moto. Achire kaye."

Anatulutsa dzanja m'thumbamo likunyowa. Mlendoyo anali atakodzera nandolo yense.

"Akuluakulu sananame," anatero akazi anga akusamba m'manja. "Kamba amanyerera yemwe wam'tola. Ndi wanu ameneyu, bambo. Ine mlendo wanga akubwera Lachinayi."

Mlendo amene ankanenayo anali bambo awo, apongozi anga a ku Chikweo. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, ndipo a chipatala anali atawaitana kuti adzawachite opaleshoni diso limodzi. Akatuluka anayenera kukhala kwathu milungu ingapo, kutali ndi fumbi la kumunda ndi utsi. Ana athu awiri anali kusekondale yogonera komweko, choncho chipinda chinalipo.

Apongozi angawo ndi ine tinali titadziwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma mawu onse amene tinalankhulana m'zaka zimenezo sakanadzaza tsamba limodzi la kope. Sitinayambanepo. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, mwana wa ku Utale, wopemphera ku tchalitchi. Iwo ndi mlimi wa chinangwa ndi thonje, Msilamu wosaphonya swala, wovala mkanjo woyera ndi mzuli ngakhale popita kuchigayo. Pamene ndinkakwatira mwana wawo sanakane, komanso sanaseke. Ndikapita ku Chikweo ndinkawapatsa moni nditanjuta patali, ndi Chiyao changa chothyokathyoka: "Ajimwiche uli?" Iwo ankayankha m'Chichewa, mwina pondimvera chisoni: "Tadzuka, aphunzitsi." Zikatero ndinkapeza chifukwa chokaonera njinga. Ndinkati ndi ulemu. Mumtima ndinkawaopa.

Kamba uja ndinamukonzera malo kuseri kwa khitchini, pamene kale tinkaunjikapo makala. Pansi pake panali simenti. Ndinazunguliza njerwa mizere iwiri, ndinamuikira madzi m'chivundikiro cha ndowa, ndi masamba a chisoso. Bala ndinalitsuka ndi madzi amchere. Usiku woyamba anachezera kuyenda m'mbali mwa njerwa, zikhadabo zikulira khwee, khwee pasimenti. M'mawa ndinaona kuti bala lija lasupuka chifukwa chokhulika, ndipo dzuwa litakwera simenti inatentha moti sindikanapondapo wopanda nsapato. Ndinazindikira kuti pafunika choyalapo.

Ndinafufuza pafoni nthawi yopuma kusukulu. Zimene ndinapeza zinali za anthu a maiko ena, amene amagula dothi la kamba m'mapaketi kusitolo. Ankatchula ulusi wa makoko a kokonati, makungwa a mitengo imene sindinaimvepo, ndi ndere za m'nkhalango zozizira. Ndinaseka ndekha m'sitafu. Ku Balaka kokonati ndikam'peza kuti?

Mnzanga wina wophunzitsa sitandade sikisi, amene amaweta nkhuku zachizungu, anati yankho ndi utuchi. "Anapiye amagona pomwepo, ndiye kamba angakane? Ndi wofewa, umamwa mkodzo, ukada mumangosesa." Zinandimvekera zanzeru. Poweruka ndinadzera kwa akalipentala a kuseri kwa msika, ndipo anandidzazira thumba laulere, akusangalala kuti wina wawachotsera zinyalala. Unali utuchi wosalala ngati ufa, wonunkhira paini ndi bulugamu. Ndinauyala mokhuthala bwino. Pamalopo panaoneka paukhondo moti ndinaitana akazi anga kuti adzaone.

"Akugona pabwino kuposa eni nyumba," anatero.

Lachinayi apongozi anafika, Lachisanu anawachita opaleshoni, Loweruka anabwera kunyumba diso litamatidwa thonje ndi pulasitala. Atachotsa thonje anawapatsa magalasi akuda ndi kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso. Anawaletsa kuwerama, kunyamula zolemera ndi kukhala padzuwa. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka ndi khasu anangokhala pampando kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa khitchini, manja ali pamaondo. Ngakhale swala ankaswali atakhala pampando, zimene zinkawawawa mtima kuposa disolo. Mpandowo unali pafupi ndi khola la kamba.

Ine ndinkachita monga mwa masiku onse. Moni wa m'mawa, moni wa madzulo, kenako ndinkalowa m'nyumba kukachonga makope amene ena ndinali nditawachonga kale.

Tsiku lachisanu chibwerere kuchipatala, ndikuimika njinga poweruka, ndinamva akundiitana.

"Aphunzitsi."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pabwera mphunzitsi wina.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno. Kamba wanuyu akulira."

Ndinapita, n'kunjuta chapatali monga mwa chizolowezi. Iwo anakweza magalasi akuda aja pang'ono, n'kuloza ndi ndodo.

"Sendererani, muli kutali. Diso langali layamba kuona dzulo. Ndaona masamba a mtengo uwo limodzilimodzi, ndaona nkhope ya mwana wanga kuti yayamba makwinya. Chachitatu ndaona ichi. Tam'nyamuleni."

Ndinamunyamula. Maso a kamba anali otupa, otsekeka, akuchucha madzi. Utuchi unali utamatirira m'zikope, m'mphuno ndi pabala paja. Akapuma pankamveka kakhweru kakang'ono. Chisoso cha dzulo chinali chikadali pomwepo, chitafota, chitakutidwa ndi fumbi la matabwa. Manyazi anandigwira. Masiku onsewo ndinkangosuzumira n'kuona kuti pamalo ndi poyera, osayang'ana mwini malo.

"Munam'peza kwa kalipentala kamba ameneyu?" anafunsa apongozi.

"Iyayi, bambo. Kutchire, njira ya ku Utale."

"Nanga bwanji mwam'goneka kwa kalipentala?"

Kenako ndinamva akuseka, kuseka kwapansipansi kogwedeza mapewa, dzanja litagwira tsaya la mbali ya diso lodwala kuti lisagwedezeke. Zaka zonsezo ndinali ndisanawamvepo akuseka pafupi chotero.

Madzulo omwewo ndinasesa utuchi wonse. Iwo ankandiuza chochita ali pampando. Ndinathira madzi ofunda pang'ono m'beseni, osapitirira pachibwano cha kamba, n'kumukhazikamo. Patapita kanthawi anatulutsa mutu, anaviika mphuno n'kuyamba kumwa, kumwa kosalekeza, khosi likukwera ndi kutsika. Ndinamupukuta maso ndi kansalu koyera. Akazi anga anabwera ndi kabotolo ka bambo awo, popeza nthawi yodontheza inali itakwana, ndipo anatipeza tonse awiri titaweramira beseni.

"Ababa, adokotala anati musamawerame!"

"Sindikuwerama. Ndikuyang'anira wodwala mnzanga."

Mawa lake ndinachitanso changa chanzeru osafunsa. Oyandikana nafe ankamanga mpanda, ndipo ndinapemphako mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje. Ndinaganiza kuti mchenga ndi wachilengedwe, ulibe fumbi la matabwa. Apongozi anangondiyang'ana ndikuthira. Patapita masiku awiri anandiitananso. Ndinali nditamuikira kamba chidutswa cha papaya, ndipo iye anali atachikankhira pamchenga n'kumadya papaya ndi mchenga womwe.

"Mwaona? Umenewo ukadzaza m'mimba sutuluka. Ndiye ikani dzanja apo."

Ndinaika. Unali wotentha ngati wokazingira mtedza.

"Komanso tayesani kukumba."

Ndinakumba ndi zala. Kadzenje kankangogumukira m'kati.

"Kamba nyumba yake ndi pansi," anatero. "Kukatentha amalowa pansi. Kukazizira amalowa pansi. Akaopa amalowa pansi. Pamchenga akumba bwanji?"

"Nanga mankhusu a mpunga, bambo? Kuchigayo aliko ambiri."

"Munagonapo pa mankhusu a mpunga inu?"

"Iyayi."

"Ine ndinagonapo, ndili mnyamata, kudambo la ku Chiuta. Mpaka lero ndikakumbuka thupi limanyerenyetsa. Akanyowa amachita nkhungu. Asiyeni." Kenako anati, "Loweruka simuphunzitsa. Munditengere kunja kwa tauni, kumene kuli tchire losapsa. Tikafunse kwa eni ake."

Akazi anga anakana poyamba. Anati fumbi, anati mabampu, anati adokotala. Bambo awo anawayankha m'Chiyao mawu ambiri amene sindinawamve onse, koma ndinatolapo akuti ndende. Pamapeto pake anagwirizana kuti avala magalasi, amanga kansalu kumaso, sagwira khasu, ndipo tibwerako dzuwa lisanakwere.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Munthu amene sindinkayerekeza kukhala naye pamkeka umodzi anakwera kumbuyo kwa njinga yanga, mkanjo atawupinda m'maondo. Poyamba anagwira chitsulo cha kaliyala, thupi ataliimika kuti lisandikhudze. Ine ndinkayendetsa ngati ndanyamula mazira. Titasiya tala n'kulowa njira yafumbi, tayala linagwa m'kadzenje, ndipo ndinangomva manja awiri andigwira malaya m'nthiti. Sanawachotsenso mpaka tinafika.

Tinaima pa kakhwawa kouma, pamene panali mitengo ya masawu ndi zitsamba zowirira zimene moto unazilambalala. Anandiuza kuti ndikwawire pansi pa zitsambazo ndi kupalasa masamba. Pamwamba panali masamba ouma, pansi pake masamba ofumbwa osanduka akuda, ndipo pansi pa amenewo dothi lofewa, lozizira, lonunkhira ngati mvula yoyamba ngakhale kuti mvula inali isanagwe miyezi isanu ndi umodzi.

"Tapatseni kuno."

Ndinawathira dothi m'manja. Analifumbata, n'kutambasula dzanja. Linakhala chibulumwa. Analigunda ndi chala, n'kumwazika.

"Ili ndilo. Likafumbatika koma osamata, ndi labwino. La makande likauma limasanduka mwala, likanyowa limamatirira m'miyendo. La pachulu n'chimodzimodzi. La m'dimba la anthu musatenge, muli feteleza ndi mankhwala a mbozi. Mutenge ili, ndi masamba ake omwe. Musasefe. Tizilombo tili m'menemo ndi ndiwo zake."

Ndinadzaza matumba awiri, iwo atakhala pamuzu wa msawu. Ndili mkati mokumba anayamba kulankhula, osandiyang'ana, ngati akuuza mtengo. Anati kumunda kwawo ku Chikweo akamba amapezeka m'munsi mwa chinangwa, ndipo chaka chilichonse asanatenthe mapesi amayenda mzere ndi mzere kuwatola n'kukawasiya kumanda, kumene moto sufika. Anati anthu amawaseka. Kenako anasintha nkhani mosachenjeza.

"Apongozi anga ine, bambo a malemu mayi a akazi anuwa, tinakhala mudzi umodzi zaka makumi atatu. Ndinawamangira nkhokwe, ndinawafolerera nyumba. Sitinachezepo. Akabwera uku ine ndinkadzera uko. Tsiku la maliro awo m'pamene mng'ono wawo anandiuza kuti munthu uja ankanditama kulikonse, amvekere mkamwini wanga ndi mwana wanga weniweni. Ndinati, nanga osandiuza ine bwanji? Ndinadandaula kwambiri."

Ndinaleka kukumba.

"Mwana wanga mukumusunga bwino, aphunzitsi," anatero. "Ndanena ndili moyo. Tamangani matumbawo, dzuwa lakwera."

Ndinathokoza m'Chiyao, "Sikomo, bambo," ndipo ndinamanga matumba aja mothina kuposa mmene zinafunikira.

Khola tinalisamutsa. Apongozi anati pasimenti ngakhale titathira dothi lochuluka bwanji madzi sadzalowa pansi, padzangochita chithaphwi. Tinasankha pansi pa mtengo wa mango, pamene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana limatchingidwa. Ndinakumba ngalande n'kukwirira mzere umodzi wa njerwa pansi, kuti kamba akamakumba asatulukire kunja, n'kusanja mizere itatu pamwamba. M'kati ndinatipula nthaka, ndinathira dothi la kukhwawa lija, n'kusakanizako pang'ono mchenga uja kuti madzi azitsika. Apongozi anayeza kuya kwake ndi ndodo yawo, ndipo anati ndiwonjezere mpaka dzanja lizilowa kupitirira pamfundo. Zinatengera ulendo wina wa matumba awiri, umene ndinapita ndekha.

Pamwamba tinayala masamba a kutchire aja ndi a mango ouma. Ndinafuna kuwonjezera a bulugamu amene anali mbwee kuseri kwa mpanda, koma anandiuza kuti ndiwafikise m'manja ndi kununkhiza. Fungo lake linandilowa m'mphuno mpaka kuyetsemula. "Ndiye iye mphuno yake ili pansi pomwepo tsiku lonse," anatero. Ngodya imodzi anati ndizithirako madzi pang'ono madzulo aliwonse kuti pazikhala chinyontho, ngodya ina ikhale youma, mwini wake azisankha. Akazi anga, amene ankati kamba si mlendo wawo, anatulutsa mphika wadothi wosweka mbali, n'kuuvundikira pakona kuti ukhale kanyumba. Anabweretsanso kamwala kaphanthiphanthi koikirapo chakudya kuti chisamagwere m'dothi. Kunja kwa njerwa anazunguliza phulusa poopa linthumbu.

Titamuikamo, kamba anakhala nthawi yaitali osasuntha. Kenako anatulutsa mutu. Diso limodzi linali litatseguka, linalo likadali lotupa. Ananunkhiza masamba, anayenda mpaka pa ngodya yonyowa, n'kuyamba kupalasa ndi miyendo yakutsogolo, kudzikankhira pansi pang'onopang'ono mpaka panangotsala kamsana ka chigoba.

"Alhamdulillah," anatero apongozi. "Wafika."

Patatha sabata maso onse anatseguka, kakhweru kaja kanatha, ndipo bala linayamba kuuma. Anayamba kudya ngati wobwezera: bonongwe, nkhwani, mango akugwa okha, ngakhale nkhono zimene ndinkatola kumpopi. Chiswe chitalowa m'masamba akazi anga anada nkhawa kuti chifika kudenga, koma bambo awo anati tizingochotsa masamba akale pakatha milungu iwiri kapena itatu, pamodzi ndi ndowe, n'kuika ena. Dothi lenilenilo anati lisamasinthidwe pafupipafupi, kamba amadziwa fungo la kwawo.

Masiku amenewo makope ndinkachongera panja. Ndinkatulutsa kampando n'kukhala pambali pawo, tonse titayang'ana khola. Nthawi zina tinkacheza za mitengo ya thonje, za ana a masiku ano, za kusiyana kwa kusala kwawo ndi kwathu. Nthawi zina sitinkalankhula n'komwe, ndipo sizinkandivutanso.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumapeto kwa Novembala, mtima wawo unali kale kumunda. A chipatala atawayeza n'kunena kuti diso lapola, sanagonenso masiku awiri. Ndinawaperekeza pokwerera minibasi. Atakhala kale pampando anatulutsa mutu pawindo.

"Mwezi wa Juni akadzasowa musadzakumbe. Mwamva? Musadzakumbe."

Sindinamvetse mpaka nthawi yozizira itafika. Kamba anayamba kudya pang'ono, kenako tsiku lina sanaonekenso. Pansi pa mphika panalibe, m'masamba munalibe. Ndinazungulira mpanda wonse kufunafuna pamene watulukira. Ndinali nditatenga kale khasu pamene ndinakumbuka mawu a pawindo aja, ndipo ndinaimba foni ku Chikweo. Aka kanali koyamba kuwaimbira ndekha, osadzera kwa mwana wawo.

"Ali pomwepo," anatero. "Akugona. Mulekeni mpaka mvula. Muzingowaza timadzi pa ngodya paja kamodzi pa sabata. Nanga inuyo muli bwanji? Mayi ku Utale ali bwanji?"

Tinacheza mpaka mayunitsi anandithera. Kuyambira pamenepo ankaimba okha Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, pafoni yanga. Akazi anga ankamva kulira kwa foni n'kunena kuti, "Anzanu aja," ndipo ankadikira kuti tithane kaye za kamba, za mvula ndi za mbuzi asanapatsidwe mpata wolankhula ndi bambo awo owabereka.

Miyezi inayi ndinkathirira dothi lopanda kanthu, anzanga akundiseka kuti ndikulima kamba. Mvula yoyamba inagwa masana a Lamulungu lina, yamphamvu, yonunkhira fumbi. Itakata ndinatuluka, ndipo ndinam'peza ali pakati pa khola, dothi lili pamsana ngati chipewa, akumwa madzi pa kachithaphwi. Pamene panapsa paja panali patatuwa, chigoba chatsopano chikuonekera pansi pa chakale.

Chaka chimenecho apongozi anabweranso kudzachititsa diso lachiwiri. Atapola, tsiku lina tikuyang'ana kamba akuyenda m'mbali mwa njerwa, kuzungulira, kuzunguliranso, anati, "Wachira uyu. Akufuna anzake." Ndinadziwa kuti akunena zoona, ngakhale kuti sindinafune kumva. Kubwerera naye ku Utale kunali kum'bwezera kumoto. Tinagwirizana zoti apite ku Chikweo.

Tinanyamuka tonse atatu Loweruka m'mawa, ine, apongozi ndi kamba ali m'katoni yoboola, momwe ndinathiramo dothi ndi masamba a m'khola mwake. Pa Liwonde tinasintha minibasi. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anamva kupalasa m'katoni n'kufunsa ngati ndi nkhunda. Nditamuuza, anasendera kuwindo, ndipo apongozi anamufotokozera nkhani yonse, kuyambira pa utuchi, minibasi yonse ikuseka ine.

Munda wawo uli kumapeto kwa mudzi, moyandikana ndi nkhalango ya kumanda. Chinangwa chinali chofika m'chiuno, pansi pake pali chinyezi ndi bowa ting'onoting'ono. Ndinakhuthula dothi la m'katoni pansi pa tsinde limodzi n'kumukhazikapo. Ndinkaganiza kuti athamangira kutchire, koma anayenda mapazi ochepa chabe, anapeza bongololo, n'kuima kuti adye. Anadya mosafulumira, ife titaima. Kenako apongozi anakhala pansi pamzere, nanenso ndinakhala. Anazula chinangwa chimodzi, anachisenda ndi kampeni, n'kundigawira theka. Pamene kamba ankalowa m'zitsamba za m'malire dzuwa linali litapendeka, ndipo njinga za kabaza zopita kumsewu zinali zitatha. Ndinaimbira akazi anga kuti ndibwera mawa.